Mutu 6: Mbalame Yobwera ndi Namondwe

1. Mlendo pa nkhokwe

Mvula ya mwezi wa Malichi chaka chimenecho inagwa ngati yakwiyira munthu. Wailesi inkanena za namondwe amene anachokera kunyanja yamchere ya ku Mozambiki, n'kugumula nyumba ndi milatho ku Malawi. Ku Chipata kunangofika mchira wake, koma mchirawo unakwanira kugoneka chimanga pansi ndi kusasula madenga m'mudzi wa Chimwala, kufupi ndi msewu wopita ku Mwami, kumalire ndi Malawi.

Tamiwe Banda ankakhala m'mudzimo kwa amalume ake, a Gabrieli, chimwalirire amayi ake. Anali mu giredi 11 pasukulu ya sekondale ya m'tauni, ndipo anali m'kalabu ya ophunzira oona mbalame. Anzake a m'mudzi ankamunyogodola pomutcha NaMbalame, chifukwa pochokera kumjigo ankatha kuima n'kumayang'ana m'mitengo ndowa ili pamutu.

Pakhomopo panali matenda. Chisomo, mwana wamng'ono wa a Gabrieli, anali atagona masiku angapo, thupi lili moto, chilichonse chimene wadya n'kubweza. Amayi ake, a Magalita, anapempha kuti apite naye kukiliniki, koma a Gabrieli anakana. Iwo ankati matendawo ndi a anthu, jekeseni sangathandize.

Loweruka m'mawa mphepo italeka, Tamiwe anali kudimba kukathyola nkhwani. Ali komweko anamva mkuwo kunyumba. Anataya dengu n'kuthamanga, poganiza kuti Chisomo watsirizika.

Anapeza anthu atazungulira nkhokwe. Padenga pake panali mbalame imene munthu aliyense m'mudzimo anali asanaionepo. Anyamata anaigwetsa ndi nsungwi. Inagwa pansi, n'kutambasula mapiko aatali, koma osauluka.

“Musaigwire ndi manja!” anakuwa mayi wina.

“Taonani mapazi akewo, ndi a bakha,” anatero mnyamata wina. “Mchira ndi wa namzeze. Malaya akuda ndi oyerawo ndi a khwangwala.”

“Ndiye kuti ndi yochita kusoka,” anatero a Gabrieli. “Munthu wakhala pansi, watenga chiwalo uku, chiwalo uku, n'kulumikiza. Ndipo pa madenga onse a m'mudzi muno yasankha langa, pamene mwana wanga ali gone. Mukufunanso umboni wina?”

Palibe anatchula dzina, koma mitu yonse inatembenukira kutsidya kwa munda wa mtedza, kumene kunali nyumba ya malata ya a Alfonsi Mbewe.

2. Mawu a amalume

A Alfonsi anagwira ntchito yoyendetsa thiraki kwa zaka zambiri, kudutsa pa Mwami mpaka kumadoko a ku Mozambiki. Atapuma anabwerera kumudzi n'kuyamba kulima. Chaka chapitacho ng'ombe zawo zolimira zinadutsa chulu chimene a Gabrieli ankati ndiye malire, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo sankapatsana moni ngakhale pakhomo la tchalitchi.

A Gabrieli anamanga mbalame ija miyendo ndi luzi, n'kuivundikira ndi dengu. Anatuma anyamata kuti akatenge parafini. Iwo ankafuna kuti akaiotchere pakhomo pa mwini wake, anthu onse akuona.

Koma a Ketilina Zulu, mayi wotsogolera mphakati wa tchalitchi m'mudzimo, anaimika dzanja.

“A Gabrieli, kuloza munthu chala si nkhani yamasewera,” anatero. “Pakhomo panu pompano pali mwana amene amaphunzira za mbalame. Bwanji ayambe waiona iyeyo?”

Ena anavomereza. A Gabrieli anaona kuti gulu likhoza kugawikana. Anakokera Tamiwe kuseri kwa khitchini.

“Khala pansi apo, undimve bwino, chifukwa sindibwereza,” anatero. “Tikafika kwa Alfonsi ndikuitana pamaso pa anthu. Ukanene mawu amodzi okha, akuti mbalame imeneyi m'mabuku mulibe. Basi. Zotsalazo n'za ife akuluakulu.

“Amayi ako atamwalira, unatoledwa ndi ndani? Abale a bambo ako anabwera ndi ngolo, ananyamula mipando ndi makina osokera, iwe n'kukusiya pakhonde ngati mphika wosweka. Ine ndinakutenga. Chimanga cha m'nkhokwe imene yateredwayi ndi chimene chakukulitsa. Chisomo amakutcha achemwali. Lero akufa, ndiye iwe ukaime mbali ya munthu amene akumudya?

“Ana asukulu muli ndi matenda amodzi. Mukadziwa kutembenuza mapepala mumayesa kuti mwaposa amene anakubalani. Dziko lino lili ndi zinthu zimene mzungu wolemba buku lakolo sanazionepo. Ife tinaona nantchengwa atalira padenga, m'mawa mwake maliro. Chibale ndi fupa, mwana iwe, sichiwola. Sukulu yakupatsa maso, koma denga sinakupatse. Ukandichititsa manyazi lero, udziwiretu kokagona.”

Tamiwe anayang'ana pansi.

“Ndamva, amalume,” anayankha. “Koma ndiloleni ndiione kaye bwinobwino. Anthu akandifunsa maonekedwe ake, ndisakasowe chonena.”

“Ona msanga,” anatero a Gabrieli, n'kupita kukasonkhanitsa amuna.

3. Pansi pa dengu

Tamiwe analowa m'nyumba n'kutulutsa buku la zithunzi za mbalame m'chikwama chake. Linali la kalabu, ndipo sabata imeneyo inali nthawi yake yolisunga. Anagwada pafupi ndi dengu n'kulitukula pang'ono.

Tsiku limene analowa kalabu, aphunzitsi awo, a Dainess Jere, anawaimika m'mbali mwa damu n'kuwachenjeza motere:

“Ana inu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaona mbalame yachilendo, musathamangire kuipatsa dzina. Yambani ndi mlomo, chifukwa mlomo umakuuzani chimene imadya. Kenako mapazi, chifukwa mapazi amakuuzani kumene imakhala. Mukatero onani mapiko ndi mchira, mtundu wa nthenga ubwere pomaliza. Alipo anthu amene amaona njiwa n'kunena kuti aona mbalame yosowa, pofuna kutchuka. Aliponso amene amaona chinthu chenicheni n'kukhala chete poopa kusekedwa. Onsewo ndi abodza. Ngati simukudziwa, nenani kuti sindikudziwa, palibe manyazi pamenepo. Koma ngati mwaona ndi maso anu ndipo mwatsimikiza, musasinthe mawu chifukwa wina wakukalipirani kapena wakusekererani.”

Tamiwe anayamba ndi mlomo. Unali wakuda, wowongoka, wosongoka ngati mkondo, mlomo wogwirira tinsomba. Miyendo inali yaifupi, yakuda, ndipo pakati pa zala panali chikopa chopyapyala. Thupi linali ngati la nkhunda, koma mapiko anali aatali kwambiri ndi opyapyala. Mchira unali wa mphanda yakuya.

Anakumbukira kuti nthawi ya dzinja pa damu lija pamabwera timbalame tofananako, touluka mozungulira pamwamba pa madzi. Koma timeneto n'tating'ono, totuwa, ndipo mphanda ya mchira wake ndi yosazama. Iyi inali ina.

Anatsegula masamba a mbalame za kunyanja yamchere, amene anali asanawawerengepo chifukwa ankaona ngati alibe nawo ntchito. Anapeza ziwiri zofanana ngati mapasa. Yoyamba inali ndi msana woderako, ndipo choyera cha pamphumi pake chinkapitirira diso ngati nsidze. Yachiwiri inali ndi msana wakuda bii ngati makala, choyera cha pamphumi n'kulekezera padiso.

Anatukulanso dengu. Msana unali bii. Choyera chinalekezera padiso.

Pambali pa chithunzicho panali mapu. Mtundu wosonyeza kwawo kwa mbalameyo unadzaza panyanja pokhapokha, Zambia yense ali mbuu. Dzina lake linalembedwa m'Chingerezi kuti *sooty tern*. La Chinyanja panalibe. M'munsi munali mawu akuti nthawi zina namondwe amaikankhira kutali kumtunda, ndipo ikafika kumeneko imakhala itatheratu mphamvu.

Tamiwe anakulunga dzanja m'chitenje n'kuikhudza pachifuwa. Fupa linali lakuthwa ngati mpeni. Mbalameyo inali ndi njala yoopsa.

A Magalita anatuluka m'nyumba atanyamula kapu ya phala limene Chisomo analikana. Anaima pafupi, osamuyang'ana Tamiwe kumaso.

“Wapeza chiyani?” ananong'ona.

“Ilimo, anti. Iyi apa.”

A Magalita anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana pansi pa dengu.

“Tseka bukulo,” anatero. “Amalume ako ukuwadziwa.”

4. Pakhomo pa a Alfonsi

Dzuwa lili pamutu, gulu linadutsa m'munda wa mtedza, osasamala kuti likuponda mbewu. A Gabrieli anali patsogolo, mbalame ili lende m'dzanja lawo. Anyamata ananyamula zibonga ndi botolo la parafini. Tamiwe anali pambuyo, buku atalibisa m'chitenje.

A Alfonsi anawaona akubwera. Anatsekera akazi awo ndi adzukulu m'nyumba, iwo n'kuima pakhonde chikwanje chili m'manja.

“Woyamba kuponda sitepe iyi asiya phazi lake pompano,” anatero.

“Tabweretsa katundu wako, mfiti iwe!” anakuwa a Gabrieli, n'kuponya mbalame ija pabwalo. “Munda unaulanda, sunakhute. Tsopano ukufuna mwana wanga?”

A Alfonsi anaiyang'ana mbalameyo, n'kuseka mwachipongwe.

“Umbuli ndi matenda, Gabrieli. Zoterezi ndinkaziona ku Beira, zikuuluka pamwamba pa madzi ife tikudikira katundu padoko.”

“Mwamva!” anakuwa a Gabrieli potembenukira gulu. “Wavomera yekha! Akuidziwa! Anabwera nayo kuchokera komweko!”

Gulu linaphulika. Mwala unauluka n'kuswa galasi la windo, ndipo m'nyumbamo ana anayamba kulira. Mnyamata wa parafini anatsegula botolo, koma maso ake sanali pa mbalame, anali pa khitchini yaudzu ya a Alfonsi.

“Imani!” anakuwa a Ketilina. “Tinagwirizana kuti mwana ayankhule. Ali kuti Tamiwe?”

Anthu anapatuka. A Gabrieli anamugwira Tamiwe pamkono n'kumuimika pakati.

“Auze,” anatero. “Mbalame iyi m'mabuku mwanu ilimo?”

Tamiwe anayang'ana botolo la parafini, n'kuyang'ana windo loswekalo. Anatulutsa buku m'chitenje.

“Ilimo, amalume.”

“Wati chiyani?”

“Ilimo. Si yosoka ayi. Ndi mbalame ya kunyanja yamchere, ndipo kwawoko zilipo zambirimbiri.” Anatsegula bukulo n'kuloza chithunzi chija. “Mapazi a bakhawo ali choncho chifukwa ndi mbalame ya kumadzi. Mapiko aataliwo ndi oulukira pamwamba pa nyanja osatera. Mlomowo ndi wogwirira nsomba. Yabwera ndi mphepo ija. Sikuuluka chifukwa yatopa ndipo ili ndi njala. Aliyense aigwire pachifuwa amve yekha.”

“Bodza!” anakuwa bambo wina. “Kunyanja yamchere n'kufupi? Mphepo inganyamule mbalame mtunda wonsewo?”

“Malata a tchalitchi chathu tinakawatola kuti, bambo?” anafunsa Tamiwe. “Si kudambo? Umenewo unali mchira chabe wa namondwe. Nanga mwini wakeyo, amene wagwetsa milatho ku Malawi, angalephere kanthu kopepuka ngati aka?”

“Wagulidwa ameneyu!” anakuwa mayi wina. “Mwana wopanda mwambo, kutsutsa amalume ake pagulu!”

“Mwina nayenso amauluka nawo usiku,” anatero wina. “N'chifukwa chake amakonda mbalame.”

A Ketilina anatenga buku lija, n'kugwada pafupi ndi mbalame. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana mbalame, kenako anapereka bukulo kwa bambo amene anakuwa uja. Iye analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulipereka kwa mnzake. Buku linayenda m'manja m'manja, ndipo kumene ladutsa phokoso linkachepa.

“Ine za ufiti sindingazitsutse kapena kuzivomera,” anatero a Ketilina poimirira. “Koma chimene chili papepalapa ndi chomwechi chili pansichi, ndipo bukuli silinalembedwe ndi a Alfonsi. Mukaotcha nyumba ya munthu lero, mawa apolisi sadzamanga mbalame, adzamanga ana anu. Iwe Joshua, tseka botololo upite kwa amako.”

Mnyamatayo anatseka botolo. Anthu a kumbuyo anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akung'ung'udza, ena akulavula malovu.

A Gabrieli analanda buku lija n'kuliponya m'matope. Anatukula dzanja kuti amumenye Tamiwe, koma a Ketilina anaima pakati pawo. Ndiye a Gabrieli anatola mbalame ija n'kumuponyera Tamiwe pachifuwa.

“Tenga! M'bale wako ndi ameneyu kuyambira lero. Akudyetse, akuveke, akuike m'manda. Dzuwa likamalowa ndisakupeze pakhomo panga.”

Atatero anatembenuka n'kulowera kugolosale ya kumsika, amuna angapo akuwatsatira.

Tamiwe anatola buku n'kulipukuta ndi chitenje. Anayang'ana a Alfonsi, koma nkhope yawo inali yomangabe.

“Usayembekeze zikomo kwa ine, mtsikana iwe,” anatero. “Unabwera nalo limodzi gulu lomweli, ndipo windo langa linasweka iwe uli chete. Lolemba ndikupita kupolisi. Amalume akowo akafotokoza bwino, ndipo iwe ukakhala mboni. Tsopano choka pakhomo panga ndi chimbalame chakocho.”

5. Njira ya kumsewu

Tamiwe sanachedwe kulongedza, pakuti katundu wake anali wochepa: yunifomu, mabuku, bulangeti ndi nsapato za kusukulu. Anapeza katoni ya sopo, anaiboola timabowo, n'kuyalamo kansalu. Anamasula luzi kumiyendo ya mbalame ija, anaviika matemba m'madzi, n'kuyesa kuipatsa. Poyamba inakana, koma kenako inameza kamodzi. Anasamba m'manja ndi sopo monga ankawauzira a Jere.

M'nyumba munali zii. Anaitana a Magalita kuti atsanzike, koma palibe anayankha, ndipo chitseko cha kuchipinda chinali chotseka. Anaganiza kuti nawonso amukwiyira.

Kopita kunali kumodzi kokha, ku Kapata m'tauni, kumene ankakhala a Jere. Sankadziwa ngati akamulandira, koma ankadziwa kuti za mbalameyo akadziwa chochita.

Podutsa m'mudzi, amayi amene anali pamjigo anasiya kucheza. Wina anakokera mwana wake kumbuyo kwake. Ana ena anamutsatira chapatali akuimba kuti, “NaMbalame wathamangitsidwa! NaMbalame wathamangitsidwa!” mpaka pamene njira imalowa m'minda.

Atafika pakati pa chimanga chogona chija, anamva mapesi akuthyoka. Anaima, katoni ataikumbatira.

Anatulukira a Magalita, Chisomo ali kumsana atamufunditsa chitenje mpaka kumutu. Anali wefuwefu, mapazi ali matope okhaokha. Anali atazemba kudzera kuseri kwa nyumba.

“Anti!”

“Usakuwe,” anatero a Magalita. “Tandiuza zoona, Tamiwe, poti lero waonetsa kuti sunama. Ngati si mbalameyo, mwana wangayu akudwala chiyani?”

“Sindikudziwa, anti. Ine si dokotala. Mwina ndi malungo, mwina ndi china. Chimene ndikudziwa n'chakuti mbalameyi yafika lero, pamene Chisomo anayamba kudwala kale. Akamuyeze magazi kuchipatala.”

A Magalita anatembenuza mwana uja kuti Tamiwe amuone. Maso ake anali otseka mwatheka, milomo itauma, ndipo khosi linali lende.

“Kuyambira m'mawa sanalire,” anatero. “Mwana akasiya kulira, ine ndimaopa. Bambo ake akabwera kuchokera kugolosale akufuna apite naye kwa sing'anga wa kuseri kwa phiri. Ndakhala ndikuwamvera masiku onsewa, koma lero ayi. Tiye tonse. Iwe ukudziwa njira za m'tauni.”

“Akadziwa akuthamangitsani inunso.”

“Andithamangitse mwana ali moyo.”

Tamiwe anamangirira chikwama chake kumsana, katoni anaisenza pamutu, n'kugwira a Magalita dzanja powoloka kamtsinje kamene kanali katasefukira. Madzi anawafika m'maondo. Anakwera mtunda akuterereka, mpaka anaponda tala wa msewu waukulu.

Mathiraki awiri ochokera ku Mwami anadutsa osaima, akuwathira madzi a m'maenje. Kenako patali, pamene msewu umakhota, panaoneka minibasi yoyera ikubwera pang'onopang'ono. Tamiwe anatula katoni pansi, anaima m'mphepete mwa tala n'kuyamba kukupiza manja onse awiri.

Nthawi yomweyo kumbuyo kwawo, kutsidya kwa kamtsinje kaja, kunamveka belu la njinga likulira mosalekeza. A Magalita anacheuka, n'kugwira mwamphamvu mfundo ya chitenje chimene anaberekera mwana.

A Gabrieli anali atataya njinga m'matope ndipo ankawoloka madzi, amuna awiri ali pambuyo pawo.

“Magalita!” anakuwa. “Ima pomwepo! Bweretsa mwana wanga!”

Minibasi ija inali isanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro.